Chilungulira cha Bambo

Okondedwa azakhali,

Kuno kwacha ndi chifunga, ndipo chomwe chikumveka ndi madontho ochokera padenga ndi wailesi ya aneba. Ndikhulupirira muli bwino. Ine mayeso ayandikira.

Dzulo masana bambo atangodya anadandaula chilungulira, thukuta lili kamukamu. Ine ndi amayi tinathamangira nawo kuchipatala. Ndinaonerera anesi akusakaniza mankhwala m'kakapu: oyera ngati mkaka, ozimitsa moto wa m'mimba, ndi ena onanda, ochititsa dzanzi. Bambo atamwa, lilime linalemera.

"Mayi a mwana, lero mwapuma, sindilongolola," anatero, amayi n'kuseka.

Ululu unathadi. Ndinafunsa anesiwo ngati ndiye kuti vuto linali m'mimba basi. Anandiyang'ana kaye.

"Mankhwalawa amatontholetsa ululu, mwanawe, koma sanena komwe wachokera. Nthawi zina umakhala mtima."

Adokotala anati bambo agone komweko kuti awayezenso magazi. Bambo anati munthu wochira salanda bedi la odwala, ndipo anasaina pepala lokana.

Azakhali, ndinamva kuti agogo aamuna, bambo anu, nawonso ankadandaula chilungulira. Kodi chinawatenga n'chiyani kwenikweni? Amayi ndikawafunsa amangopitiriza kupukuta mbale. Bambo samvera munthu wina koma inu, ndiye mukawaimbira musanene kuti ndakulemberani.

Kunyumba tinabwerera tonse atatu, wapansi. Pachitunda bambo anaima kawiri, ati kumanga zingwe za nsapato.

Ndine mwana wa mlongo wanu.