Caleb Wetherald, Bulangete Lanu Ndapereka

Caleb, amuna anga, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Mwala wa pamanda panu ndi waufupi monga ya anzathu onse a mumpingo wathu wa Abwenzi, dzina ndi zaka basi, ndiye zotsalazo ndinenera muno m'nyuzi.

Fakitale yanu ya mabulangete ikadalipo. Nyumba makumi anayi zomwe munamangira antchito, iliyonse ndi kadimba kake, sizinadonthepo mpaka pano. Ana aja munawachotsa pamakina n'kuwaika pasukulu, makolo awo akukutukwanani, lero ndi anthu akuluakulu. Komatu munali wovuta, inu! Woweruza munkalankhula naye chipewa chili kumutu. Wantchito akati "bwana", munkacheuka uku ndi uku kufunafuna bwanayo. Tiyi ankakuzizirirani ndi nkhani, kenako mlandu n'kukhala wa ketulo yanga. Priscilla, mwana wanu wamkazi, amasekabe akakumbuka, kenako amatuluka panja kukapukuta misozi.

Nkhondo iyi simunaione. Boma linabwera kudzaitanitsa mabulangete a asilikali, ntchito yoti ikanadyetsa mudzi wonse. Mwana wathu Reuben anati tivomere, anthu asagone ndi njala. Paja ife Abwenzi sitikweza manja posankha chochita. Tinakhala chete m'chipinda chanu chija maola atatu, kudikira kuti mitima igwirizane. Sinagwirizane, ntchito inapita kwina, ndipo aliyense akudziwa kuti amene sanasunthe ndi ineyo. Ndinkangomva mawu anu aja, akuti dzanja lathu lisathandize nkhondo ngakhale ndi ulusi umodzi.

Theka la makina laima. Reuben amabwera Lamlungu, amadya osadzutsa mutu. Amayi a m'nyumba zanu zija akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Kumsonkhano wa mapemphero, benchi yathu ndimakhalapo ndekhandekha, ndipo kupemphera mwakachetechete kuja, komwe kale kunkandikhutitsa mtima, tsopano kumangondilemera.

Sabata yatha Edna Garside, woluka uja munkamunena kuti nyimbo zake zimaposa phokoso la makina, anandiimitsa pachipata. Moni sanapereke. Anangondiwerengera kalata ya mwana wake Wilf, amene ali kunkhondo ku France, yoti zala zakumapazi zada bii ndi chisanu ndipo amagona m'matope atafunda chikhoti. Atamaliza anati, "Mtendere wanu uja ndi umenewu, mayi."

Woti ndimufunse panalibe, Caleb. Ndinalowa m'nyumba, ndinayalula bulangete loyera lomwe linali loyamba kutuluka pamakina anu, limene lakhala mbali yanu ya bedi zaka zonsezi, n'kumupatsa Edna. Pano lili m'sitima, likupita kunkhondo. Sindikudziwa ngati ndinalakwa pokana paja kapena popereka apa. Ndimatambasulira dzanja mbali yanuyo, n'kungokhudza nsalu yozizira.

Ine, Reuben, Priscilla ndi adzukulu anu sitidzakuiwalani, m'nyumba muno muzizire bwanji.

Mkazi wanu, Tabitha Wetherald
Mwezi Woyamba, 1917