Manja Ofiira pa Mjigo

Khwethemule, Thyolo
19 Disembala 2002

Okondedwa achemwali a Maud,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula yagwa bwino, tiyi waphukira, ndipo othyola akudzaza madengu. Ine ndiye sindili bwino. Ndisakubisireni, ndili ndi mantha.

Mukuwakumbukira malemu a Fabiano, abwana athu a ku Limbe, amene anayamba ndi chiwaya chimodzi n'kudzamwalira ali ndi mashopu atatu a tchipisi ndi nkhuku? Inu munkawaseka kuti amalalikira kuposa abusa, koma ine ndinkatchera khutu. Ankati, "Thandizo, mbatatesi aliyense amakazinga. Iwe ukhale ndi kako kamodzi kamene mnzako alibe, kenako utseke pakamwa." Atadwala anandiuza chinsinsi cha sosi wawo uja, nandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ngakhale inu ndinakubisirani, mundikhululukire.

Sosi ameneyo ndiye wandifolerera nyumba ndi malata. Tsiku la malipiro, pageti la esiteti, anthu amadutsa ziwaya zinayi kudzaima pa changa. Ndinkayenda modzimva, ndivomere.

Mwamva za anamapopa, amene akuti akumapopa anthu magazi. Kuno nkhani ndi yomweyo. Sabata yatha cha ku Chimaliro anamenya mlendo chifukwa chongonyamula chikwama, ndipo akuti mpaka lero sanalankhule.

Lolemba ndinapita ku mjigo nditangomaliza kuphika sosi, manja ali psuu. A Doris, othyola tiyi amene amagula kwa ine kuyambira kalekale, anandiyang'anitsitsa.

"Amake Tamando, mwapha mbuzi kodi?"

Ndinaseka n'kuti, "Ayi, ndi za ntchito izi."

Pakamwa panga pandipachika, achemwali. Pofika madzulo mawuwo anali atazungulira malaini onse a antchito. A Goodson, a chiwaya choyandikana ndi changa, anathira mafuta pamoto. Akuti anafunsa anthu, "Tomato wake uti wofiira chonchija dzinja lino? Nanga amatsekeranji chitseko akamaphika?"

Chichokereni Lachiwiri sindinagulitse ngakhale mbale imodzi. A Doris akandiona amawoloka msewu. Dzulo ndinapeza miyala itaunjikidwa kuseri kwa chiwaya changa, ndipo palibe amene akumanga nyumba pamenepo.

Chinsinsi chake n'chochititsa manyazi kuchepa kwake. Ndi bitiruti basi, mbewu yonga mbatata yofiira ngati magazi, amene ndimadzala kuseri kwa bafa, kuphatikiza tomato, kambuzi ndi kapu ya tiyi wowawa wopanda shuga. Kuno ambiri bitiruti sanamuonepo. Ndifere chimenechi?

A Fabiano analinso ndi mawu ena: "Chimene sungadye pamaso pa kasitomala, usagulitse." Lero malangizo awo awiri akulimbana m'mutu mwanga, ndipo eni ake ali m'manda, sangandiweruzire. Ndasankha achiwiriwo. Mawa ndi tsiku la malipiro. Ndinyamula mbaula, mpeni ndi bitiruti wa masamba ake omwe, ndikaphikire pageti pomwepo, ndikadye anthu akuona. A Goodson akaphunzira ulere, ndipo pofika Khirisimasi ziwaya zonse zikhala ndi sosi wofiira. Zimenezo zikundiwawa, koma mutu umodzi ndi womwewu.

Chondiopsa n'chakuti gulu likakwiya siliyembekeza kuti mphika uwire. Mwina akangoona mpeni ndi madzi ofiirawo atola miyala ija. Kuthawa ndaganizako, koma ndikathawa ndiye kuti ndavomera, ndipo nyumba aiotcha.

Moni kwa alamu, muwauze kuti ngati zonse ziyenda bwino ndidzawakazingira nkhuku yathunthu. Moni kwa ana anu, Ester ndi Isake. Kalatayi akupatsirani ndi Tamando mwini wake, ndimukweza basi pamodzi ndi aphunzitsi ake amene akubwera konko ku tchuthi. Iye akudziwa kuti akudzangocheza, musamuuze zambiri. Mukatsegula chikwama chake mupezamo yunifolomu ndi kalata yosinthira sukulu. Sakonda therere, ndipo akamadwala sanena, muzimugwira pamphumi.

Mukapanda kulandira kalata ina pofika chaka chatsopano, miyeso yonse ya sosi ndalemba kuseri kwa pepalali. Mudzam'patse akadzakula, ndipo musadzamulumbiritse.

Ndine mng'ono wanu,
Thandizo