Ku Cork Akufuna Yankho Lachisanu

Lolemba, 2 Okotobala

Mvula kuyambira m'mawa. Mabasi awiri, onse a alendo a ku Amereka. Ndawazungulitsa m'nyumba yakale ya amphawi monga mwa masiku onse: chipinda cha amayi, chipinda cha ana, chimphika cha phala cha nthawi ya njala, kenako dzenje lomwe anakwiriramo anthu opanda mayina. Zaka khumi ndi zinayi, mawu omweomwewo. Pakamwa pakunena za akufa, mutu uli pa mankhwala a Bambo.

Kalata ya ntchito ya ku mzinda wa Cork yafika. Andisankha. Myuziyamu yaikulu, ofesi yangayanga. Akufuna yankho Lachisanu pa 13. Ndili ndi zaka 47, ndipo chibadwire sindinachokepo muno mu Kilcarrow kupitirira sabata ziwiri.

Lachitatu, 4 Okotobala

Bambo anasowanso. Ndinangolowa kubafa pang'ono. A Dympna a ku positi ofesi anawapeza pamsika wakale wa ng'ombe, atavala jekete la kutchalitchi ndi masilipasi, akudikira ogula. Msikawo unatsekedwa ine ndili kusekondale, pano ndi poimika magalimoto. Anawabweretsa atawagwira mkono, onse awiri atanyowa.

"Iwe Fidelma, pakanapanda iwe, bambo akowa a Malachy bwenzi titawaika kalekale." Iwo amaona ngati akundiyamikira.

Pofika masana tauni yonse inali itamva. Wogulitsa nyama wandiwonjezera soseji ziwiri, osandiyang'ana kumaso.

Loweruka, 7 Okotobala

Senan, mlongo wanga wamng'ono, waimba foni ya vidiyo kuchokera ku Perth, kutsidya kwa nyanja komwe amakhala. Kumbuyo kwake dzuwa lili phwee, ana akusambira. Ndamuuza za ku Cork. Anaseka. "Chemwali, mukachoka inu, alendo aziwaonetsa ndani mafupa aja?" Akuti abwera pa Khirisimasi ngati kuntchito amulola. Chaka chatha ananenanso zomwezo.

Mbatatesi ndi kabichi. Bambo adya zonse, nkumanditchula kuti Nuala, dzina la malemu Mayi. Ndinasiya kuwakonza.

Lachiwiri, 10 Okotobala

Ndinatseka kuntchito masana nkupita ndi Bambo kukaona nyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa phiri. Yaukhondo. Maluwa pakhomo, anamwino aulemu, malo apezeka mwezi wamawa. Bambo anayenda bwinobwino mpaka tinalowa m'kakhonde kakatali, zitseko uku ndi uku. Anaima. Anakakamira chitseko ndi manja onse awiri, osafuna kusiya. Munthu amene ankakweza ng'ombe m'lole yekha, misozi ili chuchuchu. M'mutu mwawo ndinali nditawabweretsa kunyumba ya amphawi, komwe agogo awo ankati wolowako satulukanso.

"Ndalakwa chiyani, mwana wanga? Ndizidya pang'ono."

Pobwerera ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu nkusanza. Iwo anali ataiwala kale, akuloza nkhosa za eni nkumati zaonda.

Lachinayi, 12 Okotobala

Basi imodzi yokha. Mayi wina wa ku Boston analira m'chipinda cha ana. Anapeza dzina la agogo a agogo ake m'kaundula, mtsikana wamasiye amene anamukweza sitima ali ndi zaka 15. Atapukuta maso anandifunsa kuti nanga a kwathu anachoka liti. Ndinati ife ndi otsala. Anati ndili ndi mwayi, nkundijambula nditaima pakhomo.

Mawa.

Lachisanu, 13 Okotobala

Ndinawasambitsa Bambo, kuwameta ndevu, kuwakhazika pazenera ndi tiyi. Mawu okanira ndinawalemba kuseri kwa envelopu kuti ndisasokoneze: zikomo kwambiri, koma pakhomo pano zinthu sizili bwino. Ndinawawerenga katatu mokweza. Nthawi ya 10 koloko ndinaimba. Mayi wa ku Cork anayankha mwansangala, osandipatsa mpata, nkufunsa kuti ndingayambe liti.

Ndinangomva pakamwa panga pakuti pa 1 Disembala.

Envelopu ili pano patebulo. Sindinauze munthu aliyense. Adzawasambitsa ndani, sindikudziwa. Adzawagwira mkono ndani m'kakhonde kaja, sindikudziwanso. Koma pamtima papepuka, ndipo kupepukako ndi kumene kukundichititsa manyazi.

Bambo akuitana. Akuti tiyi wazizira, ndipo ngati sindikufulumira ndikhale nawo pang'ono, chifukwa akakhala okha m'nyumba muno amachita mantha.