Kalata yanga yosiya ntchito anandibwezera

Aphungu,

Ndili ndi zaka 27, ndipo ndimayang'anira laibulale ya pa sekondale ina ya mishoni kuno ku Mchinji. Ndinabwera mu 1999 nditangomaliza digiri, poganiza kuti ndikhala chaka chimodzi. Chino n'chachinayi. Mabuku athu ambiri ndi mphatso zochokera kunja, ndipo lina limaphunzitsa kuweta nkhosa m'mayiko ozizira. Ndinaliwerenga lonse. Owerenga akhama kuno tilipo awiri: ine ndi chiswe.

Mwezi watha bungwe lina loona za ufulu wa anthu ku Lilongwe linandisankha kuti ndikalowetse mndandanda wa mabuku awo m'kompyuta. Kompyuta ndinaigwira kawiri ku koleji, kachiwiriko inazima. Akufuna yankho pofika Lachisanu.

Ndinalimba mtima n'kulemba kalata yosiya ntchito. Koma dzanja langali linazolowera: chilichonse chotuluka m'chipinda changa ndimachidinda tsiku lobweza. Patatha masabata awiri ahedi athu, Bambo Timoteyo, anabwera nayo akumwetulira. "Mwadinda kuti ibwezedwe lero, ndiye ndabweza," anatero. Anawonjezera kuti amene ndinamulowa m'malo anakhala pampando womwewu zaka 26 ndipo aliyense amamulemekeza, pomwe munthu wosintha ntchito akadali wamng'ono amaoneka wosakhazikika. Ine ndinathokoza. Ndinathokozadi, Aphungu, n'kuika kalatayo m'faelo.

Ana a Fomu 4 ndikuwamvera chisoni kuwasiya. Kodi chikundisunga kuno ndi ulemu kapena mantha?

G.K., Kamwendo

A G.K.,

Ndi mantha basi, mwangowafunditsa ulemu.

Zimene chipinda chimenecho chikanakuphunzitsani munazimaliza kale. Ntchito yanu ikusintha: makadi a mndandanda wa mabuku akulowa m'kompyuta, ndipo amene aphunzire lero ndiye adzafunidwe mawa. Kusamuka pamsinkhu wanu n'kosavuta. Mukadzakhala ndi banja ndi ana pasukulu, phazi lidzalemera. Mkulu amene munamulowa m'malo uja anthu amamulemekeza, inde, koma munamufunsa ngati mwayi wonga wanuwu unamupezapo?

Mawa pitani pa boma mukaimbe foni ku Lilongwe. Muvomere, ndipo muwapemphe akulembereni kutalika kwa kontirakiti, pakuti mabungwe ena amatha pamodzi ndi thandizo la kunja. Auzeninso zoona, kuti kompyuta mufunika kuiphunzira. Palibe anabadwa akuidziwa.

Mukalandira pepalalo, kaonaneni ndi Bambo Timoteyo pamaso. Nthabwala yawo ija inali njira yokupemphani kuti mukhale. Athokozeni, mutchule ndi pakamwa panu tsiku lochoka, kalata muisiye patebulo. Mwezi wa notisi muphunzitse mphunzitsi mmodzi kubwereketsa mabuku, kuti ana aja asadzapeze chitseko chokhoma.

Koma samalani. Anthu ofatsa ngati inu sakana ntchito, amangolola tsiku lidutse. Lachisanu likakupezani mukadaganizabe, ndiye kuti mwayankha kale, ndipo Lolemba a ku Lilongwe adzaitana wina.