Sikelo ya Pabwalo la Ndege

Pabwalo la ndege, kuno kuchilumba
9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikulemba ndili pa desiki yanga, ndege ya m'mawa itangonyamuka. Fumbi lake likadali m'malere, ndipo kansalu kaja koonetsa kolowera mphepo kakungowerama pamtengo ngati kakuodzera. Nthawi ngati ino bwalo lonse limakhala langa ndekha. Ndikhulupirira muli bwino, pamodzi ndi alamu ndi ana.

Ndege yathu ikadali yomwe ija ya mipando isanu ndi inayi, imene anthu anaitcha Tombolombo. Lachiwiri ndi Lachisanu imapita kumtunda m'mawa n'kubwerako masana. Pobwera imayamba ngati kadontho, mthunzi wake ukusambira pamadzi, ndipo ine ndimaiwala kuti ndili pantchito. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukweza anthu, koma mwiniwakene sindinakwerepo. Ndimakwera kutulo basi, ndipo kumeneko ilibe phokoso.

Ntchito yanga mukuidziwa. Popeza ndegeyo ndi yaing'ono, aliyense amayamba waima pa sikelo kuti a Kaputeni adziwe pomukhazika. Zimene ndimaona pamenepo, Achemwali, mungaseke mpaka misozi. Aphunzitsi aakulu amabweza mimba m'kati, ati singano iwakomere mtima. Anamwino amavula nsapato, ndolo ndi wotchi yomwe. Mayi wina ndinamudziwa kuti ndi woyembekezera mwamuna wake asanamve. Sikelo ilibe ulemu, koma ine pakamwa panga ndimatseka.

Tsopano ndinene chimene ndalembera, chifukwa pafoni Amayi amakhala ali pambali panga, ndiponso mawu anga sangafike kumapeto.

Kuyambira Febuluwale Amayi amapita kuchipatala cha kumtunda mwezi uliwonse. Inu anakuuzani kuti ndi kuthamanga kwa magazi chabe, inenso anandiuza zomwezo. Koma wowayeza ndine. Ulendo woyamba anali makilo 68, wachiwiri 65, pofika Meyi 61. Ndinkalemba nambalayo, iwo akuyang'ana padenga n'kumaimba kanyimbo chamumtima.

Mu Juni singano inaima pomwepo, mu Julayi inakwera kufika 62. Ndinasangalala ngati mwana, mpaka ndinakutumizirani uthenga uja woti Amayi ayamba kunenepa. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kuvala jekete la malemu Abambo poyenda, ati m'ndege mumazizira. Ine ndinkangoti awasowa amuna awo, ndipo sindinafunse. Mwina sindinkafuna kufunsa.

Lachisanu lapitali kunali kamphepo, ndiye ndinawagwira mkono kuti akwere masitepe a ndege. Mkonowo unakwana m'dzanja langa wonse. Kenaka jekete linagunda chitsulo cha masitepe n'kulira gu, kulira kosakhala kwa nsalu. Ndinapisa m'thumba. Munali miyala yosalala ya m'mbali mwa madzi, uliwonse utavekedwa sokosi la Abambo kuti isagundane. Ina anaisokerera m'kati mwa jeketemo, ndi ulusi wawo uja wosamala.

“Amayi, n'chiyani ichi?”

Anandiyang'ana mopanda manyazi n'komwe. “Ndimakuona nkhope ukamalemba nambala ija, mwanangu. Ndimafuna uyambenso kugona tulo.”

A Kaputeni anapeza chochita ndi tayala la ndege mpaka ndinapukuta m'maso. Kenaka ananena mofatsa kuti iwo sauluka ndi nambala yabodza, Amayi ayezedwenso. Tinabwerera m'kaofesi, ndinawavula jekete, anaima pa sikelo atagwira phewa langa. Makilo 57. Iwo anaseka, ati bola Tombolombo apumako pa mafuta. A Kaputeni anawakhazika kutsogolo, pawindo, ndipo ndinaona dzanja la Amayi likundibayibitsa mpaka ndege inasanduka kadontho.

Atabwerako masana anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ati muli ndi banja lanu ndi ntchito yanu kutaliko, musazisiye chifukwa cha nkhalamba imene yangochepa thupi. Ndinavomera. Ndasunga zinsinsi za chilumba chonse, Achemwali, koma ichi chandikanika, ndipo ndikuopa. Ndinaimbira adokotala awo mobisa. Sananene zambiri, anangondifunsa ngati pali mwana wina amene ali kutali.

Miyala ija ili pa desiki pano, isanu ndi umodzi, ikupsinja mapepala kuti asauluke ndege ikaliza injini. Anthu amaiyamikira kuti ndi yokongola. Chiyambire tsikulo ndimalota loto limodzi. Amayi aima pa sikelo opanda jekete, singano ikubwerera pang'onopang'ono mpaka pa ziro, ndipo iwo akuyamba kukwera okha, opanda ndege, kudutsa denga la ofesi, kudutsa kansalu ka mphepo, nsalu yawo ikupepezeka pamwamba pa madzi. Sakuoneka amantha ayi. Ine ndatsala pansi ndi cholembera, ndikusowa nambala yoti ndilembe.

Bwerani, chonde. Ndikudziwa mumaiopa ndege yaing'ono, koma ulendo wake ndi mphindi makumi anayi basi, ndipo a Kaputeni amatera ngati akuika dzira m'mbale. Mukasungitse malo Lachisanu lililonse mwezi uno usanathe. Mukhale kumanzere, mudzaona denga lathu ndi mtengo uja tinkakwera tikathawa ntchito. Amayi amatuluka panja ndege iliyonse ikamadutsa, ngakhale sakudikira munthu. Mudzawaona atatchinga maso ndi dzanja. Musavutike ndi mphatso, katundu wololedwa ndi makilo khumi ndi asanu okha, ndipo mng'ono wanu sakondera. Mukafika musanene kuti ndinalemba. Mudzangoti munatisowa, si bodza.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze andibwereke mkazi wawo kwa kanthawi. Ana muwapsompsone, wamng'onoyo mumuuze kuti ndidzamuyeza ulere. A Kaputeni akupereka moni ngakhale sakukudziwani. Amayinso ndawauza m'mawa kuti ndikulemberani za nyengo, ndiye akuti ndikupatseni moni wambiri. Akuti musadandaule za iwo, akudya bwino, ndipo akunenepa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Wa pa sikelo