Nsapato za Tadala

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Mlamu wanga Yohane, wophunzitsa sayansi ku Golomoti, wandipeza nditatsekeranso mwana wanga Tadala mumpanda kuti asapite ku Mtakataka kwa anyamata a kabaza. Waseka, amvekere, "Alamu, kuli tinthu tochepa kuposa fumbi. Mukatipanikiza malo m'pamene timanjenjemera kwambiri, tina mpaka timadutsa khoma popanda chitseko. Mwana wanuyu ndi chimodzimodzi."

Tadala wamva, wamwetulira. Kumwetulirako kwandiwawa.

Yohane atapita, ndaponya nsapato za Tadala m'chimbudzi iye akuona. Sanalire. Wangoyang'ana mapazi ake, kenako mpanda.

Mawa ndiika minga pachipata. Koma Yohane wati popanda chitseko, ndiye mingayo kaya...