Mabawuti Awiri a Chishalo cha Atate

Lolemba, 9 Ogasiti 1993

Yalira! Nkhalamba yalira! Zaka zisanu ndi chimodzi ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, lero ndaiponda kachitatu n'kubangula. Utsi tolo, komboni yathu yonse ya Mtendere yamva. Ine kudumphadumpha, manja ali bii ndi oilo. Chindichotsereni ntchito kufakitale sindinasekepo chonchi.

Atate ndinawakhazika pakhomo kuti aone. Chiwagwirireni sitiroko mawu satuluka bwino, koma lero amamenya ndodo pansi, mbali yamoyo ya nkhope ikuseka. Njinga yamoto imeneyi ndi yawo, ya nthawi imene anali mesenjala m'tauni. Anandiphunzitsa kuyendetsa ndili ndi zaka 14, ati poti Mulungu sanawapatse mwana wamwamuna, Cathrine yemweyu akwana.

Lamulungu ndiwatengere ku komboni ya Mandevu. Ba Abraham, mnzawo amene anachoka naye ku Mchinji ali anyamata, ana awo akuwabwezera kumudzi Lolemba likubwerali. Ba Abrahamwo miyendo inatupa. Awa sayenda, awo sayenda. Akapanda kuonana Lamulungu ndiye kuti sadzaonananso pansi pano. Za minibasi tisanene, ndi kondakitala uti angadikire munthu wokoka mwendo?

Chatsala ndi chishalo basi. Chilipo, koma mabawuti ake awiri kulibe. Ndimati ndingomanga ndi waya, amayi akana, ati mwamuna wawo si thumba la makala. Chabwino. Mabawuti awiri, nkhani yake n'chiyani? Mawa.

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Ndinadzitama msanga.

M'sitolo zazikulu mashelefu ali mbee. Ndinapita kumsika wa Soweto kwa ba Chisala, amene amagulitsa zitsulo zakale m'zitini za mkaka. Ndasankha asanu ndi limodzi ndi manati ake. Kufika kunyumba, lililonse likulowa kawiri kokha n'kukakamira. Manati a njingayi ndi owotcherera ku fulemu, ndiye bawuti liyenera kukhala lakelake.

Atate anatambasula dzanja labwinolo. Amatenga limodzilimodzi, kuyendetsa chikhadabo pa mazinga, kupukusa mutu, kuponya m'mbale. Osayang'ana n'komwe. Madala amenewa!

Lachitatu, 11 Ogasiti

Anayi ena ochokera ku komboni ya Garden. M'mbale. Mapazi akuwawa.

Lachinayi, 12 Ogasiti

Ndinawanyamulira ba Chisala chishalo chonse. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Sisi, iyi ni ya Angelezi ya kudala. Vamene vibwela manje mazinga yake ni yenangu. Olo muyende ku Kitwe simuzapeza."

Ndiye kuti njingayi ndi yakalekale, mabawuti a masiku ano sangalowe. Pobwera ndinadzera kwa ba Chibwe owotcherera, oyandikana nafe. Iwo ati n'zosavuta, magetsi akabwera angowotcherera chishalo ku fulemu kamodzin'kamodzi. Ndinavomera. Atate atawaona akulowa ndi makina awo, ndodo inauluka n'kugwera pamapazi pawo. Ba Chibwe anabwerera chafutambuyo.

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa atate ngati akufuna njinga yokongola kapena akufuna kuona mnzawo. Ndinawafunsanso kuti mabawuti anawataya kuti. Anangotembenukira kukhoma. Ndikuchita manyazi polemba izi. Munthu wosatha kuyankha sumukalipira.

Amayi amangoponda makina awo osokera. Mayunifomu a sukulu. Makina amenewa ndiwo akutidyetsa tonse atatu chaka chino.

Lachisanu, 13 Ogasiti

Petulo ndapeza! Mtengo wa m'mawa ndi wa masana wosiyana, koma malita atatu ali mu thanki. Ndinapinda saka, kukhalapo, kuzungulira mpaka kumsika. Azimayi pa mpopi kulululu, wina kukuwa kuti "mwana wa ba Rodgers wafuntha!" Ndafuntha zoona, ndapenga. Mabuleki ali bwino, magiya onse akulowa, imathamanga ngati sinagonepo.

Koma saka si chishalo. Ndagulanso ena anayi osalowa, m'mbale muli mabawuti 14 tsopano. Madzulo ndinaona amayi akuwatembenuza ndi chala. Anandifunsa kuti amene ndikufunawo ndi otani. Ndinati aatali ngati chala chapakati, mutu waukulu, mazinga okhuthala. Anangoti "oho".

Atsala masiku awiri. Mwina waya womwewo, amayi akapita kutchalitchi. Mulungu andikhululukire.

Loweruka, 14 Ogasiti



M'mawa makina sanalire. Kulowa m'nyumba, ndapeza amayi atagwada pansi pa makina, sipanala yanga ili m'manja, mpango utagwa. Atate ali pampando akumenya ndodo pansi kuwaletsa, amayi osawalabadira. Kenaka anandiika m'manja mabawuti awiri akuda. Aatali ngati chala chapakati.

Ati chaka cha 87 mwendo wa makina unamasuka, mabawuti ake atathyoka, iwo ali ndi mayunifomu makumi anayi oti apereke. Nthawi ija ya mizere yogulira zinthu, m'sitolo munalibe ngakhale msomali. Atate anatuluka panja, kubwera ndi mabawuti, kumanga. Amayi sanafunse kuti awatenga kuti. Sabata yomweyo njinga inakankhidwira kuseri, ndipo aliyense wofunsa amauzidwa kuti petulo wadula. Inenso ndakhala ndikudziwa choncho.

"Sabata yonseyi amadziwa," amayi anatero. "Amaopa kuti makina anga aima." Kenaka anatembenukira kwa atate. "Bambo a Cathrine, zaka zonsezi mumapita kuntchito wapansi chifukwa cha ine, osandiuza?"

Atate anangoyang'ana kudenga. Ine misozi.

Chosekesa n'chakuti mwendo wa makina uli ndi mabowo chabe, bawuti lililonse lokhala ndi nati likukwana. Tatenga awiri m'mbale muja, kumanga, amayi kuponda, makina akuyenda bwino kuposa kale. Mabawuti 14 ndinagulira amayi osadziwa!

Akudawo ndinayamba ndawapatsa atate. Chikhadabo pa mazinga. Sanapukuse mutu. Pa fulemu analowa ndi zala zokha mpaka kumapeto, sipanala inangomalizitsa. Ndinagwedeza chishalo ndi mphamvu zonse, njinga yonse ndiyo imagwedezeka.

Atate ndawapepesa za Lachinayi. Anandikoka khutu.

Lamulungu, 15 Ogasiti

Atate jekete, tayi, nsapato zopolisha. Ba Chibwe anathandiza kuwakweza, alibe mangawa. Amayi anagwedeza chishalo okha kaye, kenaka anavula chitenje chapamwamba n'kutimanga pamodzi, atate kumsana kwanga, mfundo pamimba panga. Ati ndikawagwetsa ndisabwerenso.

Ndinayenda pang'onopang'ono, kuzemba maenje. Njira ya ku Mandevu ndimaidziwa, koma pamphambano iliyonse dzanja limandigunda paphewa, kumanja, kumanzere. Titadutsa Garden anayamba kundigunda pafupipafupi. Ndinaima, ndimati akudwala. Ayi. Amafuna ndiwonjezere liwiro!

Tisanafike n'komwe pakhomo, tili kuseri kwa mpanda wa mabuloko, tinamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Ameneyo ndi Rodgers! Nditulutseni, ameneyo ndi Rodgers!"

Ndinaima pabwalo, kutambasula dzanja kuti ndizimitse. Atate anandigwira pamkono zolimba. Ndinaisiya ikulira mpaka ana awo anawatulutsa ba Abraham ali pampando.